Zolemba za ntchito: kumanga nkhondo yosunga malamulo a patebulo koma yosachedwetsa wosewera

Sabata yoyamba

Ndayamba zolemba izi kuti ndisamaiwale chifukwa chimene tinasankhira njira ina n'kusiya inzake, popeza pa ntchito ya anthu awiri okha, chinthu chimene mwagwirizana Lolemba chimasanduka mkangano watsopano pofika Lachisanu. Tikupanga masewera a pakompyuta: ine ndikulemba code, mnzanga akujambula zithunzi ndi mapu, ndipo tikugwiritsa ntchito Godot 4, pulogalamu yopangira masewera. Malamulo a nkhondo tawatenga mu SRD 5.1, chikalata chokhala ndi phata la malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014 (masewera a patebulo oseweredwa ndi madayisi), chimene kampani ya Wizards of the Coast inachimasula pansi pa chilolezo cha Creative Commons mu Januwale 2023. Wosewera adzayendetsa gulu la anthu anayi: wankhondo, wamatsenga, wansembe ndi wozembera.

Tikufuna kuti munthu amene anazolowera kusewera patebulo azindikire malamulo ake onse, komanso kuti munthu amene sanagwirepo dayisi ya mbali 20 asayambe kuyasamula nkhondo isanathe. Zinthu ziwirizi zimalimbana. M'malamulo, raundi imodzi ya nkhondo ndi masekondi 6 a m'nkhani, koma patebulo raundi yomweyo imadya mphindi zingapo, ndipo anthu sadandaula kwambiri chifukwa nthawi yodikirayo imadzaza ndi kuseka, kulangizana ndi kunyoza dayisi ya mnzawo. Pakompyuta wosewera ali yekha ndi sikirini, choncho sekondi iliyonse imene sakuchita kanthu amaimva kulemera kwake.

Masewera a pakompyuta amene anatitsogolera anagawikana pawiri. Pool of Radiance ya 1988, The Temple of Elemental Evil ya 2003, Solasta ya 2021 ndi Baldur's Gate 3 ya 2023 zinasunga kulandizana mipata monga patebulo, aliyense akuchita zake pa mpata wake ena akudikira. Baldur's Gate yoyamba ya 1998, yopangidwa ndi BioWare, inalola onse kumenyana nthawi imodzi, wosewera n'kumaimitsa nkhondo pamene akufuna kupereka malangizo. Tiyamba ndi njira yachiwiriyi, chifukwa ndi imene mnzanga anakulira nayo ndipo akuikonda kwambiri.

Sabata yachitatu

Nkhondo ya nthawi imodzi ikuyenda, koma sindikukhutira nayo, ndipo ndilembe bwinobwino zifukwa zake kuti tisadzabwerereko mwa chizolowezi chabe.

Ndinatsatira nzeru ya BioWare yopatsa munthu aliyense wotchi yake ya masekondi 6, m'mene amaloledwa kuchita zimene malamulo amamulola mu raundi imodzi. Vuto loyamba linaoneka tsiku lomwelo. Wankhondo wa levulo yoyamba amamenya kamodzi pa raundi, ndiye kuti kwa masekondi pafupifupi asanu amangoima pamaso pa mdani ngati akumupatsa moni. Tingathe kumujambula akugwedeza lupanga mwachabe, koma pamenepo wosewera sadziwanso kuti kumenya kwenikweni ndi kuti, ndipo akamaona lupanga likupyoza mdani popanda kanthu kuchitika amaganiza kuti pulogalamu yawonongeka.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa limeneli. Matsenga a Fireball amapsereza chilichonse chimene chili mkati mwa mafiti 20 kuchokera pakati pake, amene ndi mamita pafupifupi 6. Patebulo, wamatsenga amayang'ana pamene aliyense waima, amasankha malo oti adani atatu apse koma wankhondo wake apulumuke, ndipo palibe amene amasuntha kufikira moto utagwa. Kusankha kumeneku ndiko kukoma kwa matsengawa. Pa nkhondo ya nthawi imodzi, mdani woyenda mafiti 30 pa raundi amasuntha mita imodzi ndi theka pa sekondi, choncho ngati kukweza manja ndi kuuluka kwa motowo zatenga masekondi awiri, adani achoka kale ndi mamita atatu ndipo wankhondo wanu, amene amawathamangitsa, ndi amene walowa m'moto. Manambala onse a m'lamulo alipo, madayisi 8 a mbali 6 akuponyedwa ndithu, koma chimene wosewera anasankha sichimene chachitika.

Chachitatu ndi lamulo lakuti mdani akachoka pafupi nanu mumaloledwa kumumenya kamodzi akutembenuka, limene m'chikalata limatchedwa opportunity attack. Pulogalamu yofufuzira njira imasuntha anthu pang'onopang'ono kuti apatsane malo, ndipo kusuntha kulikonse kotere kunali kudzutsa lamuloli, moti wansembe wathu anamenyedwa chifukwa chopatukira mnzake. Kampani ya Obsidian inathana ndi vuto lofanana ndi ili mu Pillars of Eternity ya 2015 polemba malamulo akeake ogwirizana ndi nkhondo ya nthawi imodzi. Iwo anali omasuka kutero chifukwa sanalonjeze munthu aliyense malamulo a patebulo. Ife talonjeza.

Ndinayesa kukonza kuti masewera aziima okha raundi ikatha, mdani akagwa, kapena matsenga akatuluka. Zimenezi zinathandiza, koma nditaziyatsa zonse ndinapeza kuti ndapanga nkhondo yolandizana mipata, kungoti yosokonekera, imene simudziwa kuti wotsatira ndani.

Mnzanga anapempha kuti tisunge njira zonse ziwiri wosewera azisankha yekha. Zinachitikapo: Arcanum ya 2001 inali ndi zonse ziwiri, Pillars of Eternity II inalandira njira yolandizana mu 2019, ndipo Pathfinder: Kingmaker inailandira mu 2020. Ndakana chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Phanga lokonzedwera nkhondo ya nthawi imodzi limakhala ndi timagulu tambiri ta adani ofooka amene amagwa m'masekondi ochepa, ndipo timagulu tomweto, mukamalandizana mipata, timasanduka ulendo wa tsiku lonse. Pangafunike kuyeza phanga lililonse kawiri, ndipo manja athu ndi anayi okha.

Sabata yachisanu

Tasamukira ku kulandizana mipata. Nkhondo yoyeserera ndi ya anthu athu anayi ndi magoblin 8 (tizilombo ta m'nthano tooneka ngati anthu), aliyense wokhala ndi Armor Class 15 (nambala imene womenya ayenera kufikapo kuti amupeze) ndi ma hit point 7 (kuchuluka kwa moyo wake) monga chikalata chikunenera.

Ndisanasinthe lamulo lililonse, ndinaganiza zowerenga kaye kumene nthawi ikupita, ndipo ndikuona kuti ili ndilo phunziro lalikulu la mwezi uno. Mpata wa goblin mmodzi unali wotere: sekondi imodzi kamera ikumufunafuna, masekondi awiri akuyenda, sekondi imodzi ndi theka akumenya, ndi sekondi ina nambala ikuyandama pamutu pa womenyedwayo. Zonse pamodzi ndi masekondi 5.5. Kwa magoblin 8 ndi masekondi 44 pa raundi, ndipo pa nkhondo ya maraundi atatu wosewera amakhala mphindi zoposa ziwiri manja ali pachifuwa. M'nthawi yonseyi, kuponya madayisi ndi kuwerengera malamulo sikutenga ngakhale kuphethira kwa diso. Ndinali nditakonzeka kudula malamulo, pamene chochedwetsa chinali kamera ndi zithunzi zathu zomwe.

Mankhwala ake ndinawapeza m'chikalata momwemo. Lamulo la initiative, lonena za yemwe ayambe ndi yemwe atsatire, limati woyendetsa masewera, munthu amene amayendetsa nkhani ndi adani patebulo, aponye dayisi kamodzi kokha m'malo mwa gulu lonse la zolengedwa zofanana, kuti zonse zichite pa nthawi imodzi. Ine ndinali kuponyera goblin aliyense payekha, poganiza kuti ndiko kukhulupirika, chikhalirecho ndinali nditalemetsa lamulo limene eni ake analipeputsa kale. Tsopano magoblin onse ali pamodzi pa mndandanda. Pulogalamu imawerengera mipata yawo motsatizana, mmodzi pambuyo pa mnzake, kuti woyamba akagwetsa wamatsenga wachiwiri asankhe munthu wina, kenako imaonetsa zonsezo pamodzi: onse akuyenda limodzi, kumenya kukutsatana mofulumira, kamera itaima patali pamalo amodzi. Masekondi 44 aja atsika kufika pafupifupi 10, ndipo palibe nambala ya m'malamulo imene yasintha.

Ndazindikira kuti zimenezi ndi zimene woyendetsa masewera wabwino amachita patebulo. Sanena mawu a goblin aliyense. Amaponya madayisi angapo m'dzanja limodzi n'kulengeza kuti awiri akumenyani ndipo mmodzi waphonya. Ntchito yake yaikulu imene sinalembedwe ngati lamulo ndiyo kudziwa pofulumiza ndi poima, ndipo ndi ntchito imeneyi imene kompyuta yathu inali isanaphunzire.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Sabata ziwirizi zathera pa chinthu chimodzi, chimene malamulo amachitcha reaction: ufulu wochita kanthu kamodzi pa raundi pa mpata wa munthu wina. Apa ndi pamene kukhulupirika ndi liwiro zikutsutsanadi, osati mwa maonekedwe chabe.

Chitsanzo chabwino ndi matsenga a Shield. Wamatsenga akamenyedwa, angathe kuwatulutsa pomwepo, Armor Class yake n'kukwera ndi 5 kufikira mpata wake wotsatira utayamba, ndipo kukweraku kumakhudzanso kumenya komwe kwawadzutsako. Patebulo munthu amangokweza dzanja n'kunena kuti taimani kaye. Pakompyuta pamafunika kabokosi kofunsa, ndipo kabokosi kalikonse kamadula nkhondo pakati. Solasta inasankha kufunsa. Larian Studios, kampani imene inapanga Baldur's Gate 3, pamene masewerawo anali kuyesedwa ndi anthu kuyambira mu Okutobala 2020, inayamba ndi ma reaction ongodzichitikira, ndipo pambuyo pake inawonjezera mwayi wofunsidwa masewerawo asanatuluke athunthu. Ulendo wawowo unandiuza kuti osewera amalolera kudikira pang'ono kusiyana ndi kulandidwa chisankho.

Ndinayamba ndi kufunsa nthawi zonse. Magoblin atatu atazungulira wamatsenga, kabokosi kanatuluka katatu mu raundi imodzi kwa munthu amene anali atakana kale kawiri. Kenako ndinayesa zongodzichitikira, ndipo zotsatira zake zinali zoseketsa: goblin wina anadutsa pafupi ndi wamatsenga, iye n'kumukanda ndi kampeni kake monga lamulo la opportunity attack limalolera, ndipo pamene mtsogoleri wa magoblin anafika ndi lupanga, reaction ya raundiyo inali itatha kale, Shield osatuluka, wamatsenga n'kugwa. Palibe lamulo limene linaphwanyidwa, koma palibenso munthu wanzeru amene akanasankha chotero.

Pano takhazikika pa kufunsa pokhapokha pamene pali chosankha chenicheni. Wankhondo amene alibe ntchito ina ya reaction yake amamenya wothawa popanda kufunsidwa. Akakhala ndi luso la Protection, lotchinjiriza mnzake ndi chishango, amafunsidwa, chifukwa tsopano ntchito ziwiri zikulimbirana reaction imodzi. Wamatsenga amene akadali ndi mphamvu ya Shield sagwiritsa ntchito kampeni kake pa mpata wa mdani pokhapokha wosewera atalamula.

Pa Shield penipeni ndinavutika mumtima. Njira yofulumira ndiyo kufunsa pokhapokha ngati kuwonjezera 5 kungasandutse kumenyako kukhala kuphonya. Koma kutero n'kuulula chinsinsi: kabokosi kakangotuluka, wosewera amadziwa kuti matsengawo agwira ntchito, ndipo sadzatayanso mphamvu yake pachabe, pamene patebulo woyendetsa masewera wina amabisa nambala imene waponya. Ndiye kuti Shield yathu ndi yamphamvu pang'ono kuposa ya pa matebulo oterowo. Ndavomereza zimenezi, chifukwa pa matebulo ambiri nambalayo imalengezedwa poyera ndithu, munthu n'kufunsidwa ngati yamupeza. Chotsalira n'chakuti Shield imatetezanso ku kumenya kotsatira, choncho wosewera wochenjera angafune kuitulutsa ngakhale kumenya koyambako sikungapewedwe. Kwa ameneyo taika batani lakuti azifunsidwa nthawi zonse, ndipo aliyense azinyamula kuchedwa kumene wadzisankhira.

Ma reaction asokonezanso ntchito ya sabata yachisanu ija. Sindingathenso kuwerengera magoblin onse 8 mpaka kumapeto ndisanaonetse kanthu, chifukwa yankho la wosewera pa goblin wachitatu limasintha zimene wachinayi adzakumana nazo. Tsopano pulogalamu imawerengera mpaka pamene pakufunika funso, imaonetsa zimene zachitika kufika pamenepo, imadikira yankho, kenako n'kupitiriza. Magoblin amene kuyenda kwawo sikudalira yankholo amayenda limodzi ndi oyambawo, kuti nkhondo isaoneke ngati yauma. Gawo limeneli la code ndi limene ndalilemba katatu.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Tinapereka nkhondo yoyeserera kwa anzathu ochepa, ndipo dandaulo limene linabwera mobwerezabwereza silinali la kuchedwa. Anati dayisi ikubera.

Masamu ake ndi awa. Wankhondo wathu amawonjezera 5 pa dayisi ya mbali 20, ndipo kuti apyoze Armor Class 15 amafunika 10 kapena kuposa, ndiye kuti mbali 11 mwa 20, kapena 55 peresenti. Mwayi woti aphonye katatu motsatizana ndi pafupifupi 9 peresenti, kamodzi pa maulendo 11. Chinthu chochitika kamodzi pa maulendo 11 sichachilendo ayi, chimachitika usiku uliwonse umene munthu wasewera. Patebulo dayisi imachoka m'dzanja lanu, mumaiona ikugubuduka, ndipo mukaphonya mumaiponya m'thumba n'kutenga ina. Pakompyuta nambala imangotulukira kuchokera kosaoneka, ndipo mtima umakayikira makinawo.

Mnzanga akufuna tiike dayisi yachifundo, imene imakomera munthu amene waphonya kangapo. Baldur's Gate 3 ili ndi chinthu chonga chimenechi, chotchedwa Karmic Dice, chimene wosewera angathe kuchizimitsa. Ine ndakana, ndipo mkanganowu sunathe. Maganizo anga ndi akuti tikalemba 55 peresenti pa sikirini, nambalayo iyenera kukhala yoona, chifukwa ndi pa nambala imeneyo pamene wosewera amamangira chisankho chake chomenya kapena kubwerera m'mbuyo. Chimene ndavomera ndi kusintha maonekedwe a kuphonya. Kale kuphonya kunali kutenga nthawi yofanana ndi kumenya, wosewera n'kumadikira sekondi ndi theka kuti auzidwe kuti palibe chachitika. Tsopano dayisi imaoneka pa ngodya ya sikirini ndi nambala yake, kuphonya kumadutsa msanga, ndipo mdani amaoneka akutchinga ndi chishango m'malo moti wankhondo aoneke ngati akumenya mphepo.

M'sabata yomweyi ndakana ziyeso zina ziwiri zofulumizitsa nkhondo mwa kusintha manambala. Choyamba chinali kupereka advantage, ndiko kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaikulu, kwa aliyense woima pamalo okwera. Pa nkhondo yathu, zimenezi zimakweza 55 peresenti kufika pafupifupi 80, pamene kuwonjezera 2 chabe, monga Baldur's Gate 3 inamaliza kuchitira pa malo okwera, kumafikitsa pa 65. Advantage yotchipa chotere imalanda mtengo wa maluso onse amene ntchito yawo ndi kuipereka, ndipo wozembera amapeza Sneak Attack yake, kumenya kovulaza koposa, mwa kungokwera pa mwala, osavutika kubisala kapena kudikira mnzake afike pafupi ndi mdani. Tasiya malo okwera opanda mphoto, ndipo tagwiritsa ntchito lamulo lobisala kuseri kwa chinthu limene lilimo kale, lowonjezera 2 kapena 5 pa Armor Class.

Chachiwiri chinali kuchepetsa ma hit point a magoblin kuchoka pa 7 kufika pa 4. Zimaoneka zazing'ono, koma matsenga a Sleep amagoneka adani molingana ndi madayisi 5 a mbali 8, amene pakatikati amapereka 22 kapena 23. Ndi ma hit point 7 amagona magoblin atatu, ndi 4 amagona asanu, ndipo matsenga amodzi a levulo yoyamba atha kumaliza nkhondo yonse. Mukakoka ulusi umodzi m'malamulowa, nsalu imakwinyika kumene simunayang'ane.

M'malo mwake ndadula mchira wa nkhondo. Raundi yomaliza, pamene magoblin awiri otsala akuthamangitsidwa m'ngodya, ilibenso chosankha, ndipo ili ngati bawo imene oonerera onse aona kale mwini wake koma nkhomo zikadagawidwabe. Woyendetsa masewera patebulo amangonena kuti otsalawo athawa. Ife taika lamulo lathulathu lakuti mtsogoleri akagwa, kapena theka la gulu likatha, otsala amaponya dayisi ya kulimba mtima, ndipo olephera amathawa kapena kugonja. Ili ndi lamulo lokhalo limene tawonjezera pa chikalata mpaka pano.

Sabata ya khumi ndi chimodzi

Phanga loyamba linali ndi nkhondo 14. Tazichepetsa kufika pa 6, iliyonse ili ndi chifukwa chake: ina ili pa mlatho wopapatiza, ina ili ndi oponya mivi obisala kuseri kwa migolo, ina ili ndi mkaidi amene ayenera kupulumutsidwa raundi yachinayi isanathe. Nambala ya 6 sinangotoledwa, chifukwa malangizo a eni malamulowa a mu 2014 amayerekeza nkhondo 6 mpaka 8 pa tsiku limodzi la ulendo, ndipo mphamvu za wamatsenga ndi wansembe zinayezedwa ndi tsiku lotalika chotero. Wosewera akamaloledwa kugona maola 8 pambuyo pa nkhondo iliyonse, wamatsenga amafika paliponse ali wodzaza, ndipo wankhondo amasanduka wonyamula katundu. Choncho m'phangamo muli malo amodzi okha ogona, ndipo kupuma kwa ola limodzi kukuloledwa kawiri.

Sabata ya khumi ndi ziwiri

Nkhondo ya levulo yoyamba mpaka yachitatu tsopano ikuyenda mmene ndinkafunira, ndipo mndandanda wa malamulo amene tawasintha ukadali ndi mzere umodzi wokha. Za dayisi yachifundo, tagwirizana kuti anzathu oyesa asewerenso ndi maonekedwe atsopano a kuphonya tisanakambiranenso.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi levulo yachisanu. Pamenepo wankhondo amayamba kumenya kawiri pa mpata ndipo amaloledwa kuyenda pakati pa kumenya koyamba ndi kwachiwiri, zimene zikutanthauza kuti batani limodzi lomenyera silikwaniranso. Pamenepo ndi pamenenso Counterspell imalowa, reaction yoletsa matsenga a mdani amene ali mkati mwa mafiti 60, ndipo mdani wamatsenga angathe kuletsa kuletsa kwanuko ndi Counterspell yakeyake, funso n'kulowa mkati mwa funso linzake. Code yanga yodula mpata pamene pali funso imadziwa kudikira yankho limodzi lokha. Sabata ikubwerayi ndiyamba ndi kuisintha kuti izisunga mafunso mosanjikiza, lomaliza kufunsidwa n'kukhala loyamba kuyankhidwa, kenako ndiyesa ndi amatsenga awiri mbali iliyonse. Lamulo la Ready, lodikira kuti chinthu chichitike musanachite chanu, lidikire mpaka zimenezi zitatheka.